Mbiri ya Phokoso la m'Migodi ndi Kulira kwa m'Makutu

Munthu wocoka ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, akapitirira Chongwe nayamba kukwera mapiri, amafika m'dziko la Rufunsa, mtunda wa makilomita ngati 150 kucokera ku mzinda. Ili ndi dziko la Mfumu Mpanshya, Mfumu Bunda Bunda ndi Mfumu Shikabeta, ndipo linapatulidwa ku Chongwe kukhala boma pa lokha m'masiku a Pulezidenti Michael Sata. Eni ace ndi alimi, koma m'mapiri ndi m'makwawa mwao muli golidi. M'masiku a Northern Rhodesia mgodi wa Jessie, m'dera lomweli, unawerengedwa pamodzi ndi Dunrobin, Matala ndi Sasare monga migodi imene inatulutsa golidi woposa ina yonse m'dziko muno. Mgodiwo unatsekedwa kale, koma golidi sanathe, ndipo m'zaka zino anyamata ambiri abwerera ku maenje ndi mapiki, nyundo ndi makina osinjira miyala.

Ngozi za nchito imeneyi zidziwika kwa onse: dzenje limagumuka, mwala umagwa, fumbi limadya cifuwa. Koma iripo ngozi yina imene siitulutsa mwazi, ndipo cifukwa ca ici anthu anaicedwera zaka mazana ambiri asanaiyese ngozi. Ndiyo phokoso. Wanchito amaweruka madzulo m'makutu mwace mukulira ngati nyenje za m'cilimwe. Ena amaseka nanena kuti wina akumchula kumudzi. M'mawa kulirako kwaleka, iye nabwerera ku nchito. Koma likudza tsiku limene sikulekanso. Madotolo amakucha tinnitus, ndiko kumva kulira, mluzu kapena mkokomo m'makutu pamene kunja kuli zii. Mbiri yace ndi yakale monga nchito ya citsulo yomwe.

Osula mkuwa ndi osula mabaila

Makolo akale a dziko lino anakumba mkuwa ku Kansanshi ndi ku Bwana Mkubwa zaka zambirimbiri Azungu asanafike. Zida zao zinali makasu, nyundo za mwala ndi moto, ndipo phokoso la nchito yao linali la mphamvu ya dzanja la munthu. Ngakhale tero, dzanja lokha likhoza kuononga khutu ngati nyundo ziri zambiri pa malo amodzi. Dotolo wa ku Italy, dzina lace Bernardino Ramazzini, analemba buku la matenda a anchito m'caka ca 1700, nalionjezera mu 1713. M'menemo anasimba za osula mkuwa a mu mzinda wa Venice, amene anali kukhala pamodzi m'dera lao nasula tsiku lonse. Iye anaona kuti anthuwa amayamba kumva mobvutika, ndipo akakalamba pa nchitoyo amasanduka agonthi. Cotero pakati pa anchito oyamba kulembedwa m'mbiri ya nthendayi panali anthu a mkuwa, citsulo comwe cija cimene pambuyo pace cinamanga Kitwe ndi Luanshya.

Atafika makina a nthunzi, phokoso linakula koposa. M'caka ca 1886 dotolo wa makutu wa ku Glasgow, Thomas Barr, anapima amuna 100 osula mabaila, ndiyo migolo yaikulu ya citsulo yowiritsira madzi a masitima. Amunawa anali kulowa m'kati mwa mgolo, anzao nakhoma misomali ya citsulo kunja kwace. Barr anawalinganiza ndi amuna a nchito zina, monga operekera makalata, napeza kuti makutu a osula mabaila anali oonongeka kwambiri ndithu. Koma ngakhale cinthuci cinalembedwa poyera, eni nchito ndi anchito omwe anaciyesa cizindikiro cabe ca m'misiri wakale, monga zikhatho zouma za mlimi.

Makina alowa pansi

Caka comweco ca 1886 ndico cimene golidi anapezeka ku Johannesburg. Mwala wa kumeneko ndi wouma, ndipo posacedwa nyundo ndi cizulo zinalowedwa m'malo ndi makina obowola oyendera mpweya. Pamwamba pa mgodi panaimikidwa misi ya citsulo yosinja miyala usana ndi usiku, mkokomo wace numveka kutali ndi mgodi. Amuna ocokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku dziko la Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, anapita kumeneko ndi ku migodi ya Southern Rhodesia m'magulu akulu. Pambuyo pace nchito inayandikira kwao. Mtobvu unapezeka ku Broken Hill, ndiye Kabwe, mu 1902. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939.

Walira mvula walira matope. Makina anadza ndi malipiro, njinga ndi nyumba za malata. Anadzanso ndi phokoso limene khutu la munthu silinakumane nalo ndi kale lonse. Pansi pa mgodi phokoso liribe kothawira. Limagunda mwala wa kutsogolo, libwerera, ligunda denga, nilipeza munthu yemwe uja wagwira makina ndi manja awiri, mutu wace uli pafupi ndi pamene mpweya utulukira.

Ngozi za m'migodi zinasamalidwa monga mwa kuoneka kwace. Imfa inawerengedwa poyamba, pakuti siibisika; dziko lonse likumbukira amuna 89 amene anatsirizika ku Mufulira pa 25 September 1970. Cifuwa ca fumbi cinatsatapo, ndipo itatha nkhondo yaciwiri kunakhazikitsidwa nyumba ku Kitwe yojambulira zifuwa za anchito a m'migodi. Khutu linatsalira m'mbuyo. Munthu wogontha akhoza kunyamula fosholo monga kale, ndipo nthenda yace imaonekera bwino atapuma kale nchito, ali kumudzi, kumene adzukulu amanena kuti agogo akalamba. Kwa zaka zambiri ugonthi wa mgodi unalembedwa pa dzina la ukalamba.

Cimene cicitika m'kati mwa khutu

Khutu looneka kunjali ndi khomo cabe. Mau amalowa pa kanjira, nagwedeza kang'oma kopyapyala. Kang'omako kagwedeza timafupa titatu, timafupato tipereka kugwedezekako ku kanthu kopindika ngati cigoba ca nkhono, kodzala ndi madzi. M'kati mwa kankhonoka, mmene katswiri wa ku Italy Alfonso Corti anafufuza mu 1851, muli tinthu tamoyo ngati 15,000 tokhala ndi tiubweya pamwamba. Madzi akagwedezeka tiubweyato timawerama, ndipo mtsempha umatengera mthenga ku ubongo. Kumva ndi kumeneko.

Phokoso lalikulu limacita ndi tiubweya timeneti monga ng'ombe zicita ndi udzu wa pa njira ya ku dambo. Zikapita kamodzi udzu umagona, m'mawa nudzukanso. Ndico cifukwa cace kulira kwa madzulo kumatha pofika m'mawa. Zikapita masiku onse, pamatsala dothi lokha. Koma udzu uli ndi mwai wophukanso mvula ikagwa, pamene tiubweya ta m'khutu la munthu tikafa sitimeranso. Madzi akatayika saoleka.

Toyamba kufa ndi tomvera mau oonda. Cotero wanchito sazindikira msanga. Lipenga la galimoto alimva, ng'oma aimva, mau a kapitao awamva. Zimene zimthawa ndizo mau a ana ndi a amai, kulira kwa mbalame, ndi tizidutswa ta mau tonga s, f ndi ts, timene tisiyanitsa liu ndi linzace. Amamva kuti munthu alikulankhula, koma cimene wanena sacigwira, makamaka pa msika, m'basi kapena pa msonkhano. Amayamba kuyankha zosiyana ndi funso, anthu naseka. Pambuyo pace angokhala cete pa bwalo, iye amene kale anali mwini nkhani.

Nanga kulira kumene kucokera kuti? Amene anagwirapo wailesi adziwa kuti siteshoni ikathawa, munthu nakweza mau kuti aipeze, cimene cimveka ndi kusokosera cabe. Akatswiri ambiri lero aganiza kuti ubongo ucita cimodzimodzi. Posalandira mthenga kucokera ku tiubweya takufa, umadzikwezera mphamvu yomvera, ndipo munthu amamva kusokosera kwa mitsempha yace yomwe. Ndico cifukwa cace kulirako kumakula usiku pamene kunja kwacita bata, nikulanda tulo. Nthendayi siyosowa: kafukufuku wophatikiza maiko ambiri, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti mwa akulu asanu ndi awiri, m'modzi amamva kulira kotere.

Si phokoso lokha limene liliza makutu. Akulu amene anamwapo kwinini wa malungo akumbukira mmene makutu anali kulirira. Kulira kumeneko kawirikawiri kumatha mankhwala akatha. Asipirini womwa mopambanitsa acita zomwezo. Koma jekeseni zina za cifuwa cacikulu, monga streptomycin ndi kanamycin, zikhoza kupha tiubweya kotheratu, ndipo mu 2018 bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti kanamycin ileke kugwiritsidwa nchito pa cifuwa cokana mankhwala. Phula lodzala m'khutu, mafinya, kuthamanga kwa mwazi ndi ukalamba zilizanso makutu.

Muyeso wa phokoso

Phokoso liri ndi muyeso wace, wochedwa desibelo, dzina lokumbukira Alexander Graham Bell, mwini lamya. Anthu awiri oceza pa khonde ali pa madesibelo ngati 60. Maiko ambiri anaika malire a pa nchito pa 85 kwa maora 8. Muyesowu uli ndi cinsinsi cimene wanchito ali yense ayenera kucidziwa: madesibelo 3 akaonjezeka, mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri, ndipo nthawi imene khutu lingapirire yadulidwa pakati. Pa 88 ndi maora 4. Pa 91 maora 2. Pa 94 ora limodzi. Pa 100 mphindi 15 zokha. Makina obowola mwala oyendera mpweya amapitirira 110, pamene khutu losatetezedwa limatha gawo lace la tsiku lonse mphindi ziwiri zisanakwane. Mwamuna wogwira makinawa maora anai wopanda kanthu m'makutu walandira phokoso loposa muyeso wa miyezi ingapo pa tsiku limodzi.

Kumene kulibe cipangizo coyezera, ulipo muyeso wa dzanja. Ngati munthu ayenera kupfuula kuti mnzace woima pa mtunda wa mkono umodzi amve, phokosolo lafika pa malire kapena lawapitirira.

Mbiri ya zotsekera m'makutu

Anthu anatseka makutu ndi zala, thonje ndi phula kuyambira kale. Woyamba kuchuka pa malonda ace anali Maximilian Negwer, wogulitsa mankhwala ku Berlin, amene mu 1907 anayamba kampani yopanga timipira ta phula losanganiza ndi thonje, tochedwa Ohropax. M'nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a Germany analandira timipira timeneti cifukwa ca mizinga. Nkhondo ziwirizo zinabweza kwao anyamata zikwizikwi ogontha ndi olira makutu, ndipo maboma, poona ndalama zowalipira, anayamba kufufuza za phokoso mwa cangu cimene osula mabaila sanacione. M'nkhondo yaciwiri Amereka anapanga zotsekera za mphira. Kenaka mu 1972 Ross Gardner, wa ku America komweko, anatulukira cotsekera ca siponji yofewa, cimene munthu amacifinya ndi zala, nicifufuma pang'onopang'ono m'kati mwa khutu kufikira catseka njira yonse. Ndico cija cacikasu kapena cofiirira cimene cipezeka lero pa zipata za migodi, ndipo mtengo wace ndi wocepa.

Malamulo anatsata pambuyo. Ku South Africa, komiti ya woweruza Leon itafufuza za umoyo wa m'migodi, kunakhazikitsidwa lamulo latsopano mu 1996. Ndipo mu 2003 boma, eni migodi ndi mabungwe a anchito anapangana kuti pofika kumapeto a 2013 makina a m'migodi asapitirire madesibelo 110. M'Zambia lamulo la cipukuta misozi ca anchito linakonzedwanso mu 1999, ndipo la umoyo ndi citetezo pa nchito linadza mu 2010. Nyumba ija ya ku Kitwe yojambulira zifuwa inasanduka Occupational Health and Safety Institute. Nzeru imene maiko anaphunzira ndi yakuti nchito yoyamba ndi ya mwini makina: kuwakonza, kuwaika cocepetsa mkokomo, kuwamangira mpanda, ndi kusinthanitsa anchito. Cotsekera m'khutu ndico linga lotsiriza. Kuyambira pa osula mkuwa a Ramazzini kufikira pa malamulo amenewa panapita zaka pafupifupi 300.

Kumene malamulo safika msanga

M'migodi yaikulu lero wanchito amapimidwa makutu polowa nchito, nalandira zotsekera pamodzi ndi cisoti ndi jombo. Koma makina amayenda msanga koposa malamulo. Mu 2020 kampani ya ZCCM Investments Holdings inayamba kugula golidi kwa okumba ang'onoang'ono, ndipo Rufunsa anali pakati pa madera oyamba. Kumene golidi ali ndi msika, gulu la anyamata limasonkha ndalama nkugula kompuresa, jenereta ndi mgolo wosinjira miyala wokhala ndi mipira ya citsulo m'kati. Phokoso lace ndi la mgodi waukulu, koma pa cipata palibe wogawa zotsekera, pakuti cipata comwe palibe. Zomwezo ziri pa cigayo ca m'mudzi, kwa oceka matabwa, kwa ooca zitsulo ndi osula mbaula m'misika ya Lusaka, kwa oswa miyala, ndi m'nyumba za mowa mmene zokuzira mau zilira kufikira mbanda kuca. Awa ali lero pamene anali anchito a Nkana mu 1932, koma asiyana nao pa cinthu cimodzi: cimene cipha khutu cadziwika tsopano, ndipo cochinga cace cikwana m'thumba la malaya.

Cotsekera cithandiza ngati cabvalidwa bwino. Munthu asambe m'manja, acifinye cikhale coonda ngati kamtengo, apitirize dzanja lina pamwamba pa mutu nakokere khutu m'mwamba ndi m'mbuyo kuti njira iongoke, acilowetse, nacigwire ndi cala ngati theka la mphindi kufikira cafufuma. Cikakhala bwino, mau ace omwe amamveka ngati alikulankhulira m'mtsuko. Congolenjekeka pakhomo pa khutu ndi cokometsera cabe. Thonje louma ndi pepala siziletsa phokoso kwenikweni. Wogwira makina obowola abvale ziwiri: cotsekera m'kati, ndi zophimba zonga mbale pamwamba. Ndipo asabvule makina alikulira. Masamu ace ndi owawa: cotsekera cingakhale cabwino cotani, munthu akacibvula theka la ora pa shifiti ya maora 8, citetezo cace ca tsiku lonse sicingapitirire madesibelo 12.

Alipo mau amodzi amene anchito a pansi akhala akunena, ndipo sayenera kunyozedwa. Iwo amati khutu ndilo mlonda wa munthu wa mu mgodi. Mwala usanagwe umayamba wang'alula, ndipo wotseka makutu sadzamva. Yankho liri patatu. Makina obowola akamalira, kung'aluka kwa mwala kumamira m'phokoso, makutu otseka kapena osatseka. Kugogoda denga ndi ndodo ya citsulo pomvera ngati liri lolimba ndi nchito yocita makina atazimitsidwa, ndipo pamenepo cotsekera cingabvulidwe. Ndipo amene sadzamva konse mwala ukung'aluka, kapena mnzace akupfuula kuti athawe, ndiye uja anagontha kale cifukwa cokana cotsekera.

Kwa iye amene makutu alira kale

Kufikira lero palibe mankhwala akumwa kapena odontheza ocotsa kulira kobwera ndi phokoso, ndipo wogulitsa botolo lolonjeza zimenezi angodya ndalama za odwala. Kuthira mafuta kapena madzi a zitsamba, ndi kutokosa ndi nthenga kapena mtengo wa macisi, kukhoza kuboola kang'oma. Koma cithandizo ciripo. Anthu ambiri amazolowera kufikira kulirako kuleka kuwasautsa, makamaka akadziwa kuti si misala ndipo si kulodzedwa. Wailesi yolira pang'ono pafupi ndi mphasa imaphimba kulirako usiku. Makina othandiza kumva amabweza mau a ana, ndipo kwa ambiri amacepetsanso kulira. Koposa zonse, tiubweya totsala tiyenera kusungidwa, pakuti amene wataya theka akali ndi theka.

Ziripo zizindikiro zosayenera kudikira: khutu logontha mwadzidzidzi, kulira kwa khutu limodzi lokha, kulira kogunda pamodzi ndi mtima, cizungulire, kapena mafinya. Wotere apite msanga ku cipatala ca pafupi, monga ca St Luke ku Mpanshya, kumene angamtumize ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku Beit CURE, kumene kuli akatswiri a makutu. Wanchito wolembedwa apemphe kupimidwa polowa ndi potuluka nchito, nasunge mapepala ace, cifukwa mlandu wa cipukuta misozi umayenda ndi pepala.

Tsiku la 3 March caka ndi caka maiko amakumbukira za makutu, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linawerenga anthu 430 miliyoni osowa cithandizo cifukwa ca kusamva. Osula mkuwa a ku Venice, osula mabaila a ku Glasgow ndi amuna oyamba a ku Johannesburg ndi ku Luanshya anagontha asanauzidwe kanthu. Mnyamata wa ku Rufunsa amene aweruka lero makutu akulira wauzidwa ndi khutu lace lomwe, ndipo malinga kulirako kukali kutha m'mawa, nthawi yotseka makutu ikalipo.